Ku Mzuzu, maso ali kumwamba

Lolemba

Kuchokera ku Lilongwe mpaka pa Kasungu panalibe chonena, fumbi ndi minda youma basi. Zinthu zimasintha mukadutsa pa Jenda, pamene ndinagula tomato ndi anyezi kuti ndisafike kwa achemwali chimanjamanja. Msewu wa M1 ukayamba kukwera Viphya, mphepo yolowera pawindo imaluma, ndipo aliyense m'basi amayamba kufufuza juzi m'chikwama. Ku Chikangawa mtima umawawa. Pamene kale panali mapaini okhaokha mpaka polekezera maso, lero malo ambiri ndi zitsa, timitengo tongobzalidwa kumene, ndi milu ya matabwa m'mbali mwa msewu.

Tinalowa mu Mzuzu chakumadzulo kuli mbuu, mawawa akuwaza. Alamu anadzandichingamira pa depoti, tinakwera za kabaza mpaka ku Mchengautuwa. Ataona mabainokyula ali pamwamba pa zovala m'chikwama changa, anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, mwabwera kudzaona nyenyezi ku Mzuzu? Kuno ngakhale dzuwa timaliona mwa mwayi."

Ine ndimaphunzitsa Physics, sukulu tatsekera, ndipo mwezi uli kumdima. Ndinawauza kuti tingodikira.

Lachiwiri

Usana ndinayendayenda m'tauni, ndinamwa khofi wa kuno, ndinagula mpunga wa kilombero pamsika. Mzindawu ndi wachichepere: unayamba m'zaka za m'ma 1940 pa esiteti ya mitengo ya tung, ndipo unakhala mzinda mu 1985. Zokamba za usana zathera pomwepo.

Usiku ndi umene unandilipira. Cha m'ma 8 koloko magetsi anathima dera lonse, ndipo nthawi yomweyo chifunga chinayalula. Tinatuluka pabwalo ndi mbaula, ine, alamu ndi mwana wa achemwali amene akulowa Fomu 4. Mlalang'amba unali pamutu penipeni, wotambalala, woyera, utang'ambika pakati ndi mizere yakuda. M'miyezi ino ya chisanu pakati pa Mlalang'amba pamadutsa pamwamba pathu madzulo, chinthu chimene anthu a ku Ulaya amachiona chili m'munsi, pafupi ndi madenga a nyumba.

Mtsikanayu anayang'ana ndi mabainokyula kwa nthawi, kenako n'kuloza kutali ndi mzere woyerawo, kumene nyenyezi ndi zapatalipatali.

"Amalume, nanga pakudapo pali chiyani?"

Funso limeneli ndi limene landigwira masiku onse otsatira. Ndinamuuza kuti pali gasi, makamaka haidrojeni, ndipo wina mwa gasiyo ndi wothothoka ma elekitironi. Atomu ya haidrojeni ndi pulotoni imodzi ndi elekitironi imodzi. Ikamenyedwa ndi kuwala kwamphamvu, elekitironi imathothoka, ziwirizi n'kumayenda payekhapayekha. Gasi wotereyu wafalikira mu Mlalang'amba wonse, ndipo sanangokhala m'mzere umene tikuuonawo ayi: wakwera pamwamba pake ndi kutsika pansi pake mtunda umene kuwala kungayende zaka pafupifupi 3,000. Mwa haidrojeni yense wothothoka ma elekitironi amene ali pakati pa nyenyezi, magawo 90 pa 100 alionse ali mu gasi wofalikirayu, osati m'mitambo yowala imene timaiona pa zithunzi. Kutentha kwake ndi pafupifupi madigiri 8,000.

Apa alamu anandidula. "Madigiri 8,000? Chitsulo chimasungunuka chisanafike 2,000. Bwezi kumwambaku kuli ngwee, ife tonse titapsa."

Ndi funso la munthu wodziwa moto. Kutentha kumene asayansi amanena apa ndi liwiro la tinthuto. Mapulotoni a mu gasiyu amathamanga makilomita oposa 10 pa sekondi. Koma alipo angati? Mu lita imodzi ya malo amenewo mumapezeka ma elekitironi pafupifupi 100. Mu lita imodzi ya mpweya umene tinkapuma pabwalopo muli timagulu ta ma atomu tochuluka mwakuti mulembe 2 kenako maziro 22. Munthu ataikidwa mu gasi wa madigiri 8,000 ameneyo angaume ndi chisanu, chifukwa tinthu tomugunda n'tochepa kwambiri kuti timupatse kutentha kulikonse. Alamu anangoti "Hmm," n'kusonkhezera makala. Sanakhutire, ndikuwadziwa.

Lachitatu

Ndakhala m'mawa wonse pa benchi ya alamu, pamene amakonza mawailesi ndi mafoni pafupi ndi msika. Malowo ndi opanikiza, munthu mmodzi ndi theka. Pashelefu pali mawailesi akale amene eni ake sanabwererenso, mabatire otupa m'chitini, ndi galasi lokulitsira zinthu lomangidwa ndi waya. Anali akulumikiza kawaya kopyapyala pa foni ya mnyamata wina wa kabaza, kautsi ka mtovu kakukwera, iwo atagwira mpweya kuti dzanja lisanjenjemere. Atamaliza anatsitsa wailesi ina yakale ya shortwave, n'kuiyatsa. Inangoti shiii.

Munthu wa mawailesi savuta kumufotokozera nkhani ya gasi uja, chifukwa amene anayamba kumununkhiza anali anthu a mawailesi. Grote Reber, wa ku America, anamanga mbale yaikulu yomvera mafunde a wailesi ochokera kumwamba kuseri kwa nyumba ya kwawo ku Wheaton mu 1937. Mu 1954 anasamukira ku Tasmania. Chifukwa chake alamu anachitchula okha ndisanamalize: kumwamba kwa dziko lathuli kuli mpweya wina wothothoka ma elekitironi umene umabweza mafunde a shortwave, n'chifukwa chake mawailesi akutali amamveka. Mpweya womwewo umatchinga mafunde aatali ochokera kunja kuti asatifike, koma ku Tasmania, usiku wa nyengo yozizira, umapyapyala n'kuwalola kudutsa. Reber ndi mnzake Graeme Ellis anamvetsera mafunde amenewo. Anapeza kuti mafunde akamatalika, Mlalang'amba m'malo mokulirakulira mawu umayamba kuzilala. Chinachake panjira chinali kuwameza. Mu 1963 Ellis ndi Fred Hoyle analemba kuti chowamezacho ndi gasi wothothoka ma elekitironi amene wakuta Mlalang'amba wonse.

Ambiri sanazitengere. Mabuku a nthawiyo ankati gasi wotere amakhala pafupi ndi nyenyezi zotentha kwambiri basi, kwina konseko haidrojeni ndi wathunthu. Umboni wachiwiri unabwera mosayembekezeka. Mu 1967 Jocelyn Bell, ali wophunzira ku Cambridge, anapeza ma pulsar, timitima ta nyenyezi zakufa timene timazungulira mwaliwiro n'kumatumiza mafunde a wailesi modukizadukiza. Kugunda kumodzi kumanyamuka ndi mafunde aafupi ndi aatali limodzi, koma pofika kuno aatali amafika mochedwa pang'ono. Chowachedwetsa ndi ma elekitironi oyenda okha a panjira, ndipo kuchedwako kumakuuzani kuti panjirapo analipo ochuluka bwanji. Mbali iliyonse ya thambo kumene kunapezeka pulsar, kuchedwako kunalipo.

Izi alamu anazilandira msanga kuposa za dzulo zija. Kwa iwo chinthu chimene chimachedwetsa siginecha chilipo ndithu, kaya chioneke kaya chisaoneke.

Masana ndinakwera minibasi kupita ku Luwinga, ndinadutsa pa geti la Mzuni, imene inayamba kuphunzitsa mu 1999. Ndinkaganiza za MeerKAT, mbale 64 zija za ku Karoo ku South Africa zimene anazitsegulira mu 2018, zimene mwa ntchito zina zimayeza ma pulsar omwewa. Pa maiko asanu ndi atatu a mu Africa amene akugwira ntchito ndi South Africa pa telesikopu yaikulu ya SKA pali Zambia ndi Mozambique. Tazunguliridwa, koma dzina la Malawi palibe. Ana ngati wa achemwaliyu alipo ambiri m'makalasi mwathu, ndipo mafunso awo si opepuka.

Lachinayi

Tatsikira ku Nkhata Bay, ine, achemwali ndi mtsikana uja. Ndi makilomita osakwana 50 koma nyengo ndi ina: juzi tinavula tisanafike pa Mpamba. Nkhomaliro inali kondowole ndi batala wowotcha, ndipo achemwali, amene akhala kumpoto kuno zaka zambiri, anandiseka poona mmene ndimalimbanirana ndi kondowole wokanirira ku zala.

Dzuwa litalowa, nyali za asodzi a usipa zinayamba kuyaka panyanja, mzere wautali mpaka kumene madzi akumana ndi thambo. Ndagona msanga. Ndauza mtsikanayu kuti ndimudzutsa 4 koloko, iye wati tiona.

Lachisanu

Anadzuka yekha, ine ndisanagogode. Pagombe kunali kamphepo, asodzi ena akubwerera. Kum'mawa, pamwamba pa nyanja, Akamwiniatatu anali atakwera kale, Nsangwe zili pamwamba pawo chakumpoto. Ndinamuuza aloze mabainokyula pambali pa atatuwo, pa kamzere ka nyenyezi zing'onozing'ono. Anafufuza, manja akugwedera, kenako anaima.

"Pali kautsi."

Kautsiko ndi Orion Nebula, mtambo wa gasi umene kuwala kwake kwayenda zaka pafupifupi 1,350 kuti kufike m'maso mwake. Pakati pake pali nyenyezi zinayi zoyandikana, ndipo yaikulu mwa izo imatentha pafupifupi madigiri 40,000, pamene dzuwa lathu lili pa 5,500. Nyenyezi zotere, zimene asayansi amaziika m'gulu la O, zimatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso kwa ultraviolet, kwamphamvu yokwana kuthothola elekitironi pa haidrojeni. Elekitironi yothothokayo imayendayenda mpaka itakumana ndi pulotoni ina n'kugwidwa. Potsika kupita pamalo pake imataya mphamvu m'magawomagawo, ndipo gawo lina limatuluka ngati kuwala kofiira kumene amakutcha H-alpha. Pa zithunzi mtambowu umaoneka psuu chifukwa cha kuwala kumeneku. Maso athu usiku saona bwino zofiira, ndiye ife tinkangoona kotuwa.

Mu 1939 Bengt Strömgren wa ku Denmark anawerengetsera kuti nyenyezi yotere imathothola gasi mpaka mtunda wakutiwakuti, kenako kuwala kwake kwamphamvuko kumathera pomwepo, malire ake akuthwa. Masamu ake ndi olondola, ndipo ndi amene anachititsa anthu kukayikira Hoyle ndi Ellis. Haidrojeni wathunthu amameza kuwala kumeneku mwadyera. M'dera limene muli atomu imodzi yokha pa sentimita imodzi mbali zonse, kuwalako sikungayende ngakhale chaka chimodzi kusanamezedwe. Nanga kungafike bwanji zaka 3,000 pamwamba pa Mlalang'amba, pamene nyenyezi za gulu la O n'zosowa, ndipo zimabadwira m'mitambo yothithikana ya m'mzere wapakati?

Mtsikanayu anaganiza zoti mwina gasiyo anathothoka kalekale n'kungokhala choncho. Ndi yankho labwino, koma masamu amalikana. Ngakhale mu gasi wopyapyala chonchi, pulotoni imapeza elekitironi pakatha zaka pafupifupi miliyoni imodzi. Mlalang'amba uli ndi zaka zoposa mabiliyoni 10. Kukanakhala kuti palibe chothotholanso, gasi yenseyu bwezi atabwerera mwakale kambirimbiri. Pali china chimene chikugwira ntchitoyi lero lino, osapuma.

Asayansi anayesa kuwerengera mphamvu imene ikufunika. Nyenyezi zophulika, ma supernova, zikanayenera kupereka pafupifupi mphamvu zawo zonse za kuphulikako pa ntchito imodzi yokhayi, zimene sizomveka. Nyenyezi za gulu la O zokha ndi zimene zili ndi zokwanira mpaka kutsala: m'dera lathu lino la Mlalang'amba, kuwala kwawo kothothola ma elekitironi kutapulumuka kosafika ndi kotala komwe, nkhani yatha. Funso latsala pa njira yopulumukira. Yankho limene ambiri agwirizana nalo ndi lakuti gasi wa pakati pa nyenyezi sanayalidwe mosalala ngati mmene masamu a Strömgren ankaganizira. Ndi wa mabowomabowo. Mphepo zochokera ku nyenyezi zikuluzikulu ndi kuphulika kwa ma supernova zimakumba mapanga aakulu, ena mpaka kuboola pamwamba pa mzere wapakati, ndipo kuwala kumadutsa m'mapangamo popanda chokumeza. Limodzi mwa mapanga amenewa linali patsogolo pathu m'mawa umenewu, ngakhale maso sangalione: limayambira pa Akamwiniatatu n'kutambalala mpaka ku gulu la nyenyezi la Eridanus, ndipo m'mphepete mwake muli uta wofiira wa Barnard's Loop umene makamera amaujambula.

Kunayamba kuyera tikadali pa mchenga. Achemwali anatipeza ndi usipa wauwisi m'beseni, atagula kale kwa asodzi, n'kutifunsa ngati nyenyezizo tidyera nsima.

Loweruka

Tabwerera ku Mzuzu, ndipo chisanu chatilandira ngati sitinachokepo.

Umboni umene unatseka pakamwa okayikira unali kuona kuwala kwa gasiyo kwenikweniko. Ngati mapulotoni akugwira ma elekitironi paliponse, ndiye kuti thambo lonse liyenera kumatulutsa H-alpha, ngakhale mozilala kwambiri. Ronald Reynolds ndi anzake a pa yunivesite ya Wisconsin anayamba kukuona kuwalako m'zaka za m'ma 1970, ndipo mpaka lero ena gasiyu amamutchula ndi dzina la Reynolds. Kenako anamanga chipangizo cha ntchito imeneyi yokha, WHAM, chimene chinayamba kuyeza thambo ku Kitt Peak ku Arizona mu 1997. Telesikopu yake ndi yaing'ono, masentimita 60 basi. Sichijambula zithunzi zokongola: chimayang'ana kadera kotambalala ngati miyezi iwiri yogundizana kwa masekondi 30, n'kusuntha, n'kuyang'ananso, malo oposa 37,000 kumpoto kokha. Mu 2009 anachisamutsira ku Cerro Tololo ku Chile kuti chimalize thambo la kummwera, lathu lino. Pafupifupi paliponse pamene chinayang'ana chinapeza kuwala kofiirako.

Chimene chimandisangalatsa pa ntchitoyi ndi vuto limene anayenera kulizemba. Dziko lathu nalonso lakutidwa ndi haidrojeni wake kumwamba kwenikweni, amene amatulutsa H-alpha wake, nthawi zambiri wowala kuposa amene akumufunayo. Anazisiyanitsa pogwiritsa ntchito liwiro. Dziko limathamanga makilomita 30 pa sekondi pozungulira dzuwa, ndiye mukasankha bwino nyengo yoyang'anira mbali inayake, kuwala kwa kutali kumasuntha pang'ono pa muyeso, kwa pakhomo n'kutsala pamalo pake.

Usiku uno nyenyezi kulibe, koma magetsi alipo. Nditaima pakhonde ndinaona chifunga cha pamwamba pa tauni chili chofiirira, chikuwala kuyambira ku Katoto mpaka ku Chibavi. Chifungacho chilibe nyali yakeyake, chikungomwaza kuwala kwa mababu a pansi. Mkangano wina wa akatswiri uli pomwepa. Pakati pa nyenyezi palinso fumbi, ndipo fumbilo limamwaza kuwala kofiira kochokera ku mitambo yowala ngati wa Orion uja. Tsono pa kuwala kozilala kumene WHAM inaona kutali ndi mzere wapakati, kochuluka bwanji n'kwa gasi wa pamalopo, ndipo kochuluka bwanji n'kongomwazidwa? Ena amati komwazidwako ndi kagawo kochepa, ena amati m'madera ena kungafike theka.

Ine ndaima ndi oyambawo, ndipo chifukwa changa ndi ichi. Kuwala komwazidwa kumasunga maonekedwe a kumene kwachokera. Koma mu gasi wofalikirayu, kuwala kwa naitrojeni ndi kwa salufa n'kwamphamvu poyerekeza ndi H-alpha kuposa mmene zilili m'mitambo yowala, ndipo kusiyanako kumakula mukamakwera kutali ndi mzere wapakati. Komanso ma pulsar sadziwa za fumbi, amangowerenga ma elekitironi. Kukula kwa naitrojeni ndi salufa kumeneku kumatanthauza kuti gasiyo akutentherapo pamene akutalikira nyenyezi zimene zikumuthothola, zimene n'zosemphana ndi zoyembekezeka. Zomwezi zinaonekanso mu mlalang'amba wina, NGC 891, umene timauona cham'mbali, kumene magulu awiri a akatswiri anajambula gasi wotereyu atakwera pamwamba pake mu 1990. Ena amati kutentha kowonjezerako kumachokera ku kuvunduka kwa gasi, ena ku fumbi lomenyedwa ndi kuwala, ena ku tinthu tothamanga kwambiri totchedwa cosmic rays. Palinso amene amaloza nyenyezi zokalamba, zazing'ono koma zotentha kwambiri, zimene zili panjira yosanduka white dwarf, timitima totsala nyenyezi zikazima. Izozo zamwazikana mpaka kutali pamwamba, kumene za gulu la O sizifika.

Alamu anamvetsera zonsezi ali ndi kapu ya tiyi, kenako anati pa ntchito yawo wailesi ikavuta kawirikawiri chowonongeka sichikhala chimodzi.

Lamulungu

Titachoka ku tchalitchi mtsikana uja anabwera ndi kope, atalemba funso lina: kodi alipo amene anakamugwira gasiyu?

Wa kutali uja ayi, koma m'bale wake wa pafupi inde. Chombo cha Voyager 1, chimene chinanyamuka mu 1977, chinatuluka m'dera la mphepo ya dzuwa mu Ogasiti 2012. Chaka chotsatira chinayeza ma elekitironi a kunjako n'kupeza pafupifupi 80 pa lita. Dzuwa lathu lili m'mphepete mwa kamtambo kofunda, ka madigiri pafupifupi 7,000, kamene haidrojeni wake wina ndi wothothoka, wina wathunthu. Pano palibe nyenyezi ya gulu la O pafupi. Imene ikuthandiza kwambiri kuthothola kamtambo kathuka ndi Adhara, imene inali chakumanja kwa Sirius, nyenyezi yowala kuposa zonse usiku, m'mawa uja ku Nkhata Bay. Ili pa mtunda wa zaka zoposa 400 za kuwala, koma pakati pa iyo ndi ife pali mpata wopanda gasi wambiri, ndiye kuwala kwake kwa ultraviolet kumafika kusanamezedwe. Ndi nkhani ya mabowo ija, pakhomo pathu pomwe.

Anandifunsanso chimene angayang'ane ine nditapita. Ndinamuuza za Gum Nebula, mtambo wa gasi wothothoka waukulu zedi, madigiri oposa 30 pathambo, umene Colin Gum wa ku Australia anaulemba m'kaundula wake mu 1955. Mtambowo sangauone ndi maso, koma nyenyezi ziwiri zimene zikuuyatsa, Zeta Puppis ndi Gamma Velorum, zimaoneka bwinobwino popanda chipangizo. Zimakwera bwino madzulo mu Januwale ndi Febuluwale, pamene Mzuzu ili pakati pa mvula yosakata. Ndinati mwina ndidzabweranso nthawi imeneyo tidzayesere mwayi. Achemwali, ali kukhitchini, anayankha kuti ngati ndikubwera mu Januwale, mabainokyula ndisiye konko, ndidzanyamule thumba la feteleza wobereketsa chimanga chawo cha ku Dunduzu.